Kudya awiri ku Nyungwe

Tsiku limene tinalowa koyamba m'nyumba yodyeramo ku Tete, aNabanda sanakhale pansi msanga. Anaima pambali pa tebulo, chikwama chili m'manja, maso akuyendayenda, mpaka mnyamata wotumikira alendo anawakokera mpando. Tinali titangotha milungu itatu m'nyumba ya lendi ku Matundo, ntchito ya uphunzitsi itandichotsa kwathu ku Chifunde. Madzulo amenewo makala anali atatha, ndipo khoma linkatenthabe ngati chiwaya, dzuwa litalowa kale. Ndinati, "Nabanda, lero musasonkhe moto, tiyeni tikadye kunja." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Kwa yani, aPhiri?" Funso lawo linali loona, pakuti kwathu ukamadya kwina, umadya kwa munthu.

Tinakhala moyang'anizana. Zaka zoposa 20 tili m'banja, koma usiku umenewo ndi pamene ndinaona bwinobwino momwe mkazi wanga amatemera nsima: mbamu yaing'ono, kuiumba kawiri m'dzanja, n'kuiboola pang'ono ndi chala chachikulu kuti itunge msuzi.

Si kuti kwathu kunalibe chikondi. Kadyedwe ndiko kanali kena. Mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992, tinabwerera kuchokera ku Zambia kumene nkhondo inatithamangitsira, ndipo midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Luia inamangidwanso ndi anthu opanda kanthu m'manja. Nkhokwe zisanadzaze n'komwe, akuluakulu anabwezeretsa chidyerano. Dzuwa likapendeka, amuna ndi anyamata tinkasonkhana pabwalo, ndipo mbale zinkabwera kuchokera m'nyumba iliyonse zitanyamulidwa ndi ana. Ya kwa azakhali inkafika ndi thelele la chidulo, ya kwa agogo ndi mfutso wa m'chikwatu, ina ndi nkhwani wotendera, nthawi ya mvula bowa ndi inswa, chilimwe mbewa. Tinkayamba mbale imodzi, ikatha n'kukoka ina. Amene kwawo sikunafuke utsi tsikulo ankasamba m'manja ngati wina aliyense, ndipo panalibe womuloza chala. Amayi ndi atsikana ankadyera kwaokha kuseri, pafupi ndi mafuwa, ndipo ife tinkangomva kuseka kwawo. Nditapita chikamwini kwa aNabanda, mwambo unali womwewo, kuwonjezapo kuti apongozi sunkadya nawo pamodzi.

Chakudya chophikaphika chinkagulitsidwa pamsika ndi pachipata cha Cassacatiza, cha madalaivala a malole opita ku Katete. Bambo wapabanja akaoneka akudya pamenepo m'dera lakwawo lomwe, mawa lake ankhoswe ankafunsana ngati kunyumbako kuli mtendere. Wapaulendo sankafuna ndalama. Amene ankapita ku Mkaika kumwambo wa Kulamba, mu Ogasiti, akapempha madzi pakhomo ankalandira thobwa, ndipo kukada ankagona atakhuta. Mlendo ndi mame, ankatero agogo, nkhuku ili kuthamangitsidwa kale.

Ndi mimba zoleredwa choncho tinayamba kuyenda m'tauni imene akuluakulu athu ankaitchula kuti ku Nyungwe. Malipiro akatuluka, Loweruka lake tinkawoloka mlatho wa Samora Machel wapansi, kamphepo ka Zambezi katayamba. Mlathowu ndi wa 1973, ndipo chiyambire kutsegulidwa kwa mlatho wa Kassuende mu 2014 malole olemera amadzera kumeneko, choncho munthu umatha kuima pakati n'kuyang'ana madzi.

Tinayambira m'mabaraka, tinyumba todyeramo ta pafupi ndi msika wa Kwachena, mmene utsi wa nyama umakulonjera usanaone chitseko. Apa ndiyenera kunena mosabisa: mbuzi ya ku Tete ilibe inzake. Kwathu mvula ndi yambiri ndipo mbuzi zimadya msipu. Za kuno zimakulira m'tchire louma, zikutola masau ndi malambe, ndipo anthu amati kukoma kwake kumachokera pamenepo. Dzina lakuti Cabrito de Tete linafika polembetsedwa mwalamulo kuti nyama ya kwina isamagulitsidwe nalo. Mayi wophika anatifunsa m'Chinyungwe ngati tikufuna ntsima kapena mpunga, ife tinayankha m'Chichewa, ndipo tinamvana. Anabwera ndi jagi ndi beseni, natithira madzi m'manja. Pamenepo mapewa a aNabanda anatsika. Malo amene amakusambitsa m'manja sangakhale achilendo kwenikweni.

Kenako tinalimba mtima n'kupita kumalo a m'mphepete mwa mtsinje, a nsalu patebulo. Malo otere anachuluka kampani ya Vale itayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, tauni itadzaza anthu a ku Brazil, ku South Africa ndi ku Maputo. Kumeneko amakupatsa pepala la zakudya, lina m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi momwe. Tinaphunzira kuti dose ndi mbale yathunthu, meia dose ndi theka lake. Tinadya pende wootcha, nsomba yathunthu ya m'Zambezi itagona m'mbale ya munthu mmodzi. Ife tinakula tikudziwa nsomba youma ya mchere ya ku Chicoa ndi kapenta wa ku Cahora Bassa, zimene kachidutswa kamodzi kankadyetsa nyumba yonse. Nsombayo inali yokoma, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinaimaliza mpaka mutu. Koma nsima, imene papepalapo inalembedwa kuti xima, aNabanda anangoitsina n'kupukusa mutu. "Ufa uwu sunaone mtondo," anandinong'oneza. Ankanena zoona. Kwathu chimanga chimakonoledwa, mphale n'kuviikidwa masiku angapo, kuyanikidwa pamphasa, ndipo nsima yake imakhala ndi kafungo kamene ufa wa m'thumba la m'sitolo sungakhale nako. Masamba nawo kunalibe. Pambali pa nsomba panali tomato ndi anyezi wosaphika, ndi mbatatesi yokazinga. M'tauni imene nyama ili ponseponse, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kukupitirira madigiri 40, ife tinayamba kulota nkhwani.

Chinthu chimodzi sindidzaiwala. Kwathu nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi ya bambo kapena ya mlendo, ndipo ikasowa m'mbale pamakhala mlandu. Ku Tete nthutumba amazigulitsa mbale yodzaza, amati moelas, zophikidwa ndi tomato ndi piripiri, zodyera buledi. Ndinaitanitsa mbale imodzi n'kuikankhira kwa aNabanda. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wowaona. "Idyani, Nabanda, kuno kulibe mlandu." Anatola imodzi, natafuna pang'onopang'ono. Nkhuku zimene manja amenewo anasosola m'zaka zonsezi sindingaziwerenge, ndipo imeneyi inali nthutumba yawo yoyamba. Tsiku limenelo tinacheza mpaka mnyamata anayamba kukweza mipando. Anandiuza za ubwana wawo kumsasa wa othawa nkhondo, nkhani zimene pabwalo la amuna sizinkafika.

Ichi ndicho tauni inatipatsa, ndipo ndimachiyamikira ndi mtima wonse. Koma inatilandanso china, ndipo chimandiwawa. M'malo amenewa mbale ili ndi mwini wake. Chakudya chisanafike pakamwa chawerengedwa kale, ndipo pomaliza amabweretsa kapepala, iwe n'kutulutsa foni kulipira pa M-Pesa. Matebulo ndi oyandikana kuposa nyumba za kumudzi, koma woyandikana naye sumudziwa dzina. Anthu a kuno ali ndi ulemu wawo, wina ukamudutsa akudya amakuitanira ndi mawu akuti "servido", nawe n'kuthokoza n'kupitirira. Onse awiri mumadziwa kuti mawuwo athera pomwepo. Kwathu akati "fikani tidye" ankasendera ndithu, ndipo mwana ankathamangira madzi. Ndikamva kuti ngakhale kumudzi chidyerano chikuzilala, nyumba iliyonse ikudyera m'kati chitseko chotseka, fodya ndi golide zitabweretsa ndalama m'matumba osiyanasiyana, ndimadzifunsa kuti mwana wamasiye wa lero amasamba m'manja pabwalo la yani.

Mwezi watha tinali m'baraka ina ku Matundo komwe kuno, imene wophika wake ndi mayi wa ku Mualadzi. Tinamupeza chifukwa cha Chichewa chake, akukalipira mwana kuti achoke pamoto, ndipo ukamuuza dzulo lake amakuphikira nkhwani wotendera. Tili pakati pa kudya, pakhomo panaima mnyamata wonyamula kachikwama kamsana, fumbi la msewu wa Cassacatiza lili m'tsitsi. Anafunsa mtengo wa nsima, anawerenga timakobidi m'dzanja, natembenuka kuti azipita. Kalankhulidwe kake kanali ka kwathu.

ANabanda sanandifunse. "Mwanawe, wachokera kuti?"

"Ku Nsadzu, amayi. Ndabwera kudzafuna sukulu."

Anakoka mpando wachitatu, anatenga mbale yanga ya mbuzi ndi yawo ya nkhwani n'kuziika pakati pa tebulo, nsima zonse ziwiri n'kuziphatikiza m'mbale imodzi. Mnyamatayo anagwada pang'ono, akuwomba m'manja, akuti wadya kale. "Pamsewu sadya," anatero aNabanda, natembenukira kukhitchini. "Achemwali, tibwerekeni jagi ija, pali wina sanasambe."