Denga la balani ndi katundu wake

Ndine mmisiri wokhoma madenga a mabalani ndi mashedi osankhiramo fodya kuno ku Mvurwi, ku Zimbabwe. Lusoli ndinalitengera kwa bambo anga, amene anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Lamulo lawo linali limodzi: usanadule mtengo, dziwa katundu amene udzausenzetse.

Kumayiko ozizira amisiri amawerengera chipale chofewa chimene chimaunjikana padenga. Ife kuno timawerengera matalala. Amakonda kugwa pakati pa Novembala ndi Januwale, fodya ali m'munda, ndipo padenga losatsetsereka bwino amakhazikika. Akagwa ambiri, ndimayeza pansi malo a mita imodzi mbali zonse, n'kuwolera matalala onse m'ndowa. Akasungunuka ndimayeza madziwo, poti lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Matalala ounjikana masentimita 5 amakwana makilogalamu pafupifupi 25 pamalo amenewo. Shedi ya mamita 10 kwa 20 ndiye kuti yasenza matani 5 m'kanthawi kochepa. Choopsa kwambiri ndi pokumanira madenga awiri, pomwe matalala amatseka njira ya madzi.

Pamenepo ndimawonjeza kulemera kwa denga lenilenilo. Asibesitosi wa m'mafamu akale amalemera katatu kuposa malata wamba, choncho mapaso ake ndimawayika pafupipafupi. Ndimawerengeranso munthu wokwera kukakonza, ndi mphepo ya mkuntho imene imanyamula denga chokweza. N'chifukwa chake mapaso ndimawamangira kukhoma ndi waya wokhuthala, misomali yokha siyikwanira.

M'balani muli katundu winanso. Fodya wongothyola kumene amakhala ndi madzi ambiri, ndipo mitanda imalemedwa kwambiri tsiku lopachika mikangala. Mtengo wa bulugamu ndimaugogoda ndi hamala kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Ukalira mwamphako, chiswe chadya kale mkati. Kenako ndimakoka chingwe pansi pa mtanda. Ngati pakati pawerama kuposa chala, ndimaikapo nsichi kapena kuusintha.

Chiyambire kugawidwa kwa minda mu 2000, alimi ambiri akudzimangira okha mabalani, ndipo ndalama ikachepa amayamba kuchepetsa mitengo. Ndimawauza kuti: "Achimwene, chepetsani kukula kwa shedi, koma musachepetse mapaso." Pansi pa dengalo pamakhala amayi osankha fodya, ena ndi ana kumsana, komanso thukuta lanu la chaka chonse.