Maso a Nkhono

Chichewa chathu chiri ndi liwu limodzi lokha la zobiriwira ndi zoterera zonse zimene zimamera m'madzi: ndere. Za pamwala wochapira ku Likangala ndi ndere, za m'mphepete mwa chitsime ndi ndere, za mumtsuko umene unaiwalika kuseri kwa nkhokwe nazonso ndi ndere. Liwuli latikwanira chikhalire, poti chimene timafuna kudziwa pa ndere n'chimodzi basi: ponda bwino, ungagwe. Koma munthu akatsekera nyanja yamchere m'bokosi lagalasi m'chipinda mwake, liwu limodzilo limamuthera m'sabata yachiwiri. M'menemo muli ndere zoti uzisiye, ndere zoti uchotse, ndi zina zoti usayerekeze kuzigwira ndi dzanja. Zina mwa izo si ndere n'komwe.

Thanki yanga ndi ya malita 120, ndipo iri pakona m'kachipinda kamene ndimachita lendi ku Durban. Mwina mufunsa kuti mwana wa dziko lopanda nyanja yamchere, dziko limene mbuna zake zimawetedwa m'mathanki a anthu ku Ulaya ndi ku Amereka, walowa bwanji m'zimenezi. Mbuna ndinazidziwa kale. Chimene ndinali ndisanaonepo ndi korali akudya.

Chiyambi chake n'chosasangalatsa. Umasungunula mchere wapadera m'madzi osefa mpaka afanane ndi a m'nyanja yeniyeni, magalamu 35 pa lita, n'kuwafunditsa kufika madigiri 25. Umathira mchenga, kenaka n'kuika miyala imene ogulitsa amaitcha yamoyo. Ndi zigoba za makorali akale, zamabowo ngati chisa cha chiswe, zimene zinakhala m'nyanja mpaka tamoyo tosiyanasiyana tinamangamo mudzi. Ukatero umaponyamo kachidutswa ka nsomba kuti kawole, nudikira masabata 4 kapena 6 popanda kuikamo nsomba yamoyo ngakhale imodzi. Chifukwa chake n'chakuti chirichonse chowola, ndi nsomba iriyonse yopuma, zimatulutsa amoniya, ndipo m'madzi otsekeredwa amoniya ndi poizoni. Pafunika kuti gulu lina la tizirombo tosaoneka lichuluke n'kumasandutsa amoniyayo kukhala nitrite, amenenso ndi woipa, ndipo gulu lachiwiri lisandutse nitrite kukhala nitrate amene nsomba zimampirira. Sergei Winogradsky ndiye anayamba kupatula mabakiteriya ogwira ntchitoyi m'chaka cha 1890. Chondiseketsa n'chakuti kachirombo kena kamene kamadya amoniya m'nyanja zonse za dziko lapansi, Nitrosopumilus maritimus, akatswiri anakagwira koyamba m'chaka cha 2005, osati pakati pa nyanja ayi, koma m'timiyala ta pansi pa thanki ku Seattle Aquarium.

Pansi pa nyumba yathu pali bambo wina wachikulire wa ku Mangochi amene amasoka zovala. Atamva kuti ndagula thanki anakwera kudzaona. Anasuzumira kutsogolo, nasuzumira m'mbali.

"Nanga nsomba ziri kuti, achimwene?"

"Sizinafike, bambo. Mwina mwezi wamawa."

"Ndiye panopa mukuweta madzi?"

Sananame. M'masabata amenewo mwini thanki alibe ntchito ina koma kuyeza madzi m'timabotolo, kuyerekeza mtundu wake ndi wa pakapepala, ndi kuyang'ana. Tsono poyang'anapo ndi pamene mlandu umayambira.

Pa tsiku la 11 mchenga woyera uja unadzuka utadetsedwa ndi fumbi lofiirira ngati la mseu wa kumudzi m'mwezi wa Okutobala. Kumudzi tikanati ndere, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma m'thanki yatsopano zinthu zitatu zimatha kuoneka chimodzimodzi kwa munthu wongoyang'ana ndi maso, ndipo chirichonse chiri ndi chiweruzo chakechake.

Choyamba ndi ma diatom, ndere za selo limodzi zimene zimadzimangira chigoba chagalasi chokhala ngati kabokosi ndi chivindikiro chake. Zimabwera chifukwa mchenga watsopano ndi madzi zimakhala ndi silica, ndipo silica akatha nazonso zimazimirira zokha. Izi umangozisiya. Ndi zomwezi, m'nyanja zikuluzikulu, zimene zimapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a okosijeni amene zomera zonse zimatulutsa. Chachiwiri ndi cyanobacteria, amene si ndere koma mabakiteriya. Amayala chinsalu chofiira kapena chakuda pamchenga, ndipo ukachipemerera ndi madzi chimasendeka chathunthu ngati nkhoko za mumphika. Mtundu umenewu ndi umene unadzaza mlengalenga ndi okosijeni zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo. Lero mwini thanki amauyamwa ndi paipi n'kukautaya kuchimbudzi. Chachitatu ndicho chimasowetsa anthu tulo: ma dinoflagellate. Awa amalendewera ngati mamina, kathovu kali kunsonga, amachepa usiku n'kubwerera nyale ikayaka, ndipo ena mwa iwo ali ndi poizoni wopha nkhono zimene zawadya. Mtundu wina wotchedwa Ostreopsis unachuluka m'nyanja ku Genoa m'chaka cha 2005, ndipo anthu pafupifupi 200 anapita kuchipatala atangopuma mpweya wa m'mphepete mwa nyanjayo.

Kusiyanitsa zitatuzi si nkhani yongofuna kudzitama ndi maina a Chilatini. Mankhwala a chimodzi ndi chakudya cha chinzake. Munthu akaona zofiirira nathamangira kuyeretsa madzi mpaka nitrate ndi phosphate zitatheratu, amakhala akuyalira mphasa ma dinoflagellate, poti iwo amakonda madzi osauka m'mene ndere zina zalephera kupikisana nawo. Ndiye usanachite kanthu uyenera kudziwa dzina.

Njira ya amphawi ilipo. Ndinayamwa fumbi lija ndi kapaipi n'kulithira m'botolo, ndinalikhutchumula kwambiri, n'kulisefa papepala lopukutira m'manja, kenaka n'kuika madzi osefawo pansi pa nyale. Ma dinoflagellate amasambira, motero pakapita kanthawi amasonkhananso n'kupanga timaulusi. Ndinakhala pampando ola lathunthu ndikuyang'ana botolo la jamu. Sipanaoneke kanthu. M'mawa mwake mnzanga wophunzira za zamoyo anandilola kuika dontho limodzi pa maikulosikopu. Ostreopsis amaoneka ngati njere ya chitowe, ndipo amazungulira pamalo amodzi ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Zimene ndinaona ine zinali timabwato tagolide tosongoka mbali zonse ziwiri, tikuyenda pang'onopang'ono popanda wopalasa. Anali ma diatom. Ndinabwerera kunyumba osakachita chirichonse, ndipo pofika sabata yachisanu mchenga unayera wokha.

Pali china chokhudza ma dinoflagellate chimene chimandizunguza. Korali amene ndikumukonzera nyumba yonseyi ndi nyama, koma m'thupi mwake mumakhala ndere za selo limodzi zimene zimampangira chakudya kuchokera ku kuwala. Ndere zimenezo ndi ma dinoflagellate. Madzi akatentha mopitirira, korali amazilavula nasanduka woyera, monga zinachitikira m'nyanja zambiri mu 1998, mu 2016, ndi mu 2024. Tsono banja ndi limodzi: wina akakhala pamchenga ndi mdani, mbale wake akakhala m'mimba mwa korali ndiye moyo wa thanki yonse.

Zinyama zimatuluka usiku. Ukazimitsa nyale n'kudikira, kenaka n'kuunika ndi tochi, mwala umene masana unali duu umapezeka uli yakaliyakali. Pagalasi pali timadontho toyera, tochepa kuposa njere ya mchenga, toyenda modumphadumpha. Amenewo ndi ma copepod, ndipo ndinawalandira ngati abale, chifukwa abale awo a m'madzi opanda mchere ndi amene usipa umadya m'nyanja yathu. Amene anadyapo nsima ya usipa anadyapo ma copepod mosadziwa. Okulirapo, opindika msana, othamanga chammbali kulowa m'mabowo, ndi ma amphipod. Onsewa ndi chizindikiro chabwino. Palinso timizere toyera topiringizika, ta mamilimita 2 kapena 3, tomatirira pagalasi ngati tinkhono: ndi nyongolotsi zotchedwa spirorbid, zosalakwira munthu. Ndipo pali kachubu kolimba kotuluka pamwala ngati nyumba ya nyongolotsi, kamene kamaponya ukonde wamamina m'madzi: imeneyo ndi nkhono, vermetid, ndipo ukonde wakewo umasautsa makorali. Yooneka ngati nkhono ndi nyongolotsi, yooneka ngati nyongolotsi ndi nkhono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinawaona ndithu, timadontho tiwiri takuda patsinde pa nyanga za nkhono yaphanthiphanthi yotchedwa Stomatella, nthawi ili cha m'ma 1 koloko usiku.

Atelala aja atabweranso anaiona nkhonoyo ikukwawa pagalasi, nkhope yawo n'kusintha.

"Chotsani chimenecho, achimwene. Mudzakodza magazi."

Ndinawafotokozera kuti tizirombo ta likodzo timadutsa mu nkhono za m'madzi opanda mchere zokha, monga za mtundu wa Bulinus zimene ziri ku Chembe ndi madera ena a kunyanja kwathu. Anagwedeza mutu, koma dzanja lawo silinayandikirenso thankiyo. Sindinawatsutse kawiri. Munthu amene anakulira ku Mangochi ali ndi chifukwa chokwanira choopera nkhono.

Chimene chinandinyansa ine chinali nyongolotsi yofiirira, yaitali ngati chala, yaubweya woyera m'mbali ngati chiyabwe. Ubweyawo ukakulowa m'khungu umayabwa ngati chitedze. Mtima umati ipha. Koma nyongolotsi zambiri zotere zimangodya zowola ndi zotsala, ndipo ndizo zimasesa m'mabowo m'mene dzanja silifika. Ndinaisiya. Sindikunena kuti nyongolotsi zonse n'zofatsa: ku Blue Reef Aquarium, ku Newquay, mu 2009, antchito anaphwasula thanki yawo pofuna chimene chinkadula makorali ndi kuvulaza nsomba, napeza chinyongolotsi chopitirira mita imodzi chimene chinali chitabisala m'miyala. Koma chimenecho n'cha banja lina, la nsagwada.

Ndiye kunabwera duwa. Linaphuka m'kabowo ka mwala wapamwamba m'sabata yachinayi, lofiirira moonekera mkati, manja ake akugwedezeka ndi madzi. M'thanki yonse ya fumbi ndi nyongolotsi, ichi chokha ndicho chinali chokongola. Zinthu ziwiri zimaoneka motere. China ndi nyongolotsi yokhala m'kachubu, imene imatambasula nthenga zake kusefa madzi ndi kuzibweza msangamsanga mthunzi ukadutsa. Imeneyo ndi mlendo wabwino. China ndi Aiptasia, ka anemone ka manja osalala osongoka, kakamwa pakati, kopanda chubu. Ndinatenga kanyenyeswa ka nsomba pa kamtengo n'kukhudza dzanja limodzi. Manja onse anapinda nthawi imodzi, nyama n'kulowa pakamwa.

Chikomekome cha mkuyu. Aiptasia amaluma makorali oyandikana naye mpaka kuwapha, ndipo amaswana ngati namsongole: ukamudula kapena kumukanda, kachidutswa kalikonse ka phazi lake kotsala pamwala kamasanduka Aiptasia wina. Mmodzi wa lero ndi makumi m'miyezi yochepa. Ndinasakaniza phala la laimu, ndinalikoka mu sirinji, ndinazimitsa pampu kuti madzi adekhe, n'kumuthira pakamwa pang'onopang'ono monga ndinamdyetsera nsomba dzulo lake. Analandira. M'mawa pabowopo panali poyera.

Sindinasangalale nazo, ndipo sindifuna kunamizira kuti dzina loti "chirombo" limene eni mathanki anam'patsa limachokera kunyanja. Limachokera kwa ife olima. Bonongwe ndi tchire m'munda wa fodya koma ndi ndiwo m'mbale. Aiptasia yemweyo amaleredwa mwaulemu m'malabotale ambiri, chifukwa nayenso amasunga ndere m'thupi ngati korali, ndipo popeza safa msanga, akatswiri amaphunzirirapo za kuyera kwa makorali. Nyongolotsi yonyansa ndinaikhululukira, duwa lokongola ndinalipha, ndipo pa milandu iwiri yonseyo umboni unali dzina lokha.

Maina a zam'nyanja akhala akusokoneza anthu ochenjera kuposa ife. Luigi Marsigli ataona makorali akutambasula manja mu 1706 analengeza kuti wapeza maluwa ake. Jean-André Peyssonnel atanena m'zaka za m'ma 1720 kuti maluwawo ndi nyama, akatswiri a ku Paris sanamukhulupirire. Anthu a ku Hana, pachilumba cha Maui ku Hawaii, ankapaka nsonga za mikondo chinthu china cha m'thamanda la m'mphepete mwa nyanja, chimene m'chinenero chawo ankachitcha ndere yakupha. Sichinali ndere koma nyama, mbale wa korali, ya mtundu wa Palythoa, ndipo poizoni wake, palytoxin, anapatulidwa mu 1971. Timabatani tofiirira ta mtundu umenewu timabwera pa miyala yamoyo mosaitanidwa. Mu 2018, ku Oxfordshire, anthu 10 anatengeredwa kuchipatala munthu wina atatsuka miyala ya m'thanki yake kunja kwa madzi. Ena mwa iwo anali ozimitsa moto amene anabwera kudzathandiza. Kuyambira pamene ndinawerenga zimenezo ndimavala magolovesi ndisanagwire mwala uliwonse, ndipo sinditsuka mwala ndi madzi otentha.

Ndiri ndi kope limene ndimalembamo tsiku, muyeso wa madzi, ndi chimene ndaona. Kumanzere ndimalemba dzina la Chilatini, kumanja dzina langalanga, poti liwu loti ndere silingasenze katundu yenseyu. Ma diatom ndinawatcha fumbi la galasi. Cyanobacteria ndi nkhoko zofiira. Derbesia, amene anamera m'sabata yachisanu ndi chimodzi, ndi ndevu za mwala. Valonia, kampira kobiriwira konyezimira kamene konseko ndi selo limodzi, ndi diso la chule. Sindikuti alembi anzanga muwalandire mainawa. Mukapeza abwino ndidzafufuta anga.

Pa tsiku la 38 amoniya ndi nitrite zinafika pa 0, ndipo zakhala pomwepo. M'sabata ya 9, pagalasi lakumbuyo, panaoneka kadontho kapinki kolimba, kosachoka ndi chala. Imeneyo ndi ndere ya coralline, imene imadzikuta ndi laimu ndi kumata miyala ya m'nyanja pamodzi ngati simenti. Ndinakayeza ndi lula kunja kwa galasi: mamilimita 3. Lachiwiri lapitali kanali mamilimita 4, ndipo pambali pake pabadwa kena. Kumanja kwa kope sindinalembepo kanthu.