Wakutsina Khutu Ndi Mnansi

Ine ndine mlembi wa nthano za sayansi, ndiko kunena nthano zopeka zosimba za m'tsogolo, za makina amene sanapangidwe, ndi za maulendo a ku nyenyezi. Ndifuna kukusimbirani, owerenga anga, m'mene nthano yanga yoyamba inalowera m'magazini, pakuti njira yake inali ya minga.

Nthanoyo inali ya chombo chopita ku Mars. Ndinailemba m'Chingerezi, popeza magazini ambiri osindikiza nthano zotere ali a chilankhulo chimenecho. Ndinalongosola bwino lomwe injini za chombocho, mafuta ake ndi kutalika kwa ulendo, ndipo ndinakhulupirira kuti palibe mkonzi angaikane. Koma akonzi asanu ndi mmodzi anaibweza motsatizana. Asanu anangopepesa. Wotsiriza anaonjezapo mau amene anandilasa mtima: anati chombo wachiona, koma munthu woti amumvere chisoni sanampeze m'menemo.

Ndinapsa mtima kwambiri. Kwa miyezi itatu sindinagwire cholembera, ndipo ndinatsala pang'ono kuleka ntchitoyi.

Chimene chinandibweza ndi mbiri ya Isaac Asimov wa ku America. M'chaka cha 1938, ali mnyamata wa zaka 18, iye ananyamula nthano yake yoyamba napita nayo kwa John W. Campbell, mkonzi wa Astounding Science-Fiction mu mzinda wa New York. Campbell anaikana, koma anamlembera kalata yomuonetsa pamene panalakwika. Mnyamatayo sanafooke. Mu 1939 magazini a Amazing Stories anasindikiza nthano yake ina, "Marooned off Vesta", ndipo mu 1941 Campbell yemwe uja anasindikiza "Nightfall", imene anthu akuiwerengabe kufikira lero. Pamenepo ndinazindikira kuti mkonzi amene ataya nthawi yake kukuuza cholakwa waona kanthu mwa iwe.

Tsono ndinayamba kufunafuna munthu amene anasowa m'nthano yanga. Ndinakumbukira agogo anga, asodzi a pa nyanja ya Chilwa, amene ankatisimbira za chaka cha 1968, pamene nyanjayo inaphwa, mabwato nakhala pa matope ong'aluka. Ndinailembanso nthano ija. Chaka ndi cha 2150. Msodzi wokalamba akuperekeza mdzukulu wake ku chombo, nampatsa nsupa ya madzi otsiriza a m'Chilwa. Koma m'chombo chotere kanthu kalikonse kamayesedwa kulemera kwake, chifukwa katundu akachuluka mafuta ofunika achulukanso. Motero mtsikanayo ayenera kusankha chimodzi: nsupa ya agogo ake, kapena mbeu zimene akabzale kumene akupitako. Za injini zija zinangotsala m'mizere iwiri.

Ndinaitumiza kwa mkonzi yemwe anandilasa uja, ndipo anailandira. Malipiro ake anali ochepa, osakwana ndi thumba la chimanga lomwe, koma kalata yake ndiri nayo m'bokosi pamodzi ndi yoyamba ija. Mwa ziwirizo, yondikana ndiyo ndiilemekeza koposa.

Inu anyamata ndi atsikana amene mufuna kulemba, makomo ogogodapo akuchuluka; mu 2014 ku Nigeria kunayamba magazini a Omenana, a nthano zotere zolembedwa ndi anthu a mu Africa. Tumizani ntchito zanu. Zikabwezedwa, werengani kalatayo mtima utazizira, pakuti akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.