Maluwa a Ambuya

Ku Highlands, m'tauni ya Livingstone, kuli mtsikana wina wa giredi 3. Pakhomo pao pali mpanda wa maluwa ochedwa boganiviliya. Mwina inunso munawaonapo. Ndi maluwa aja amene amayanga pa mipanda, ofiirira, okhala ndi minga yakuthwa. M'mwezi wa Okutobala ku Livingstone kumatentha kwambiri. Udzu umauma, fumbi limaculuka. Koma boganiviliya saopa dzuwa. Nthawi imeneyi ndi pamene amacita maluwa ambiri.

Caka cimeneco ambuya ake a mtsikanayo anabwera kucokera kumudzi, ku Katete. Anabwera kuti madokotala aone maso ao. Maso ao anali atafooka. Zinthu zonse anali kuziona monga muli utsi. Sanali kutha kulowetsa ulusi pa singano. Ndalama anali kuzizindikira pozikhudza ndi zala.

M'mawa uliwonse ambuya anali kukhala pa mphasa pafupi ndi mpanda uja. Tsiku lina anauza mdzukulu wao kuti, "Nkhope yako sindiiona bwino, mwana wanga. Koma maluwa awa ndiwaona. Ndikacoka pano ndidzawasowa."

Patapita miyezi itatu, nthawi yobwerera kumudzi inakwana. Mvula inali pafupi, ndipo munda unali kuwadikira. Basi yao inali ya pa Mande m'mawa.

"Amai, ndidzawathyolera maluwa ambiri, apite nao," anatero mtsikanayo.

"Iyai, mwana wanga," anayankha amai ake. "Ku Katete ndi kutali. Adzakwera basi mpaka ku Lusaka. Adzagona kumeneko, ndipo m'mawa mwake adzakwera ina. Ndi kutentha kuno, maluwa ako adzafota asanafike ngakhale pa Choma."

Mtsikanayo anaganiza kwa nthawi yaitali. Kenako anakumbuka mphatso imene amalume ake anampatsa. Amalumewo amajambula zithunzi ndi kugulitsa kwa alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Anampatsa kabokosi ka penti wa madzi, bulashi imodzi, ndi mapepala atatu ocindikala. Atatu cabe. Mapepala otere ndi odula, sali monga a m'kope la kusukulu.

Pa Cisanu atacoka kusukulu anatenga pepala loyamba. Penti sanamkhudze, cifukwa anali kumuopa. Anatenga pensulo ndi labala. Anafuna kuti duwa lililonse lifanane ndendende ndi la pa mpanda. Anajambula, nafafaniza. Anajambulanso, nafafanizanso. Pomaliza pepala linabooka pakati. Mapepala anatsala awiri.

Pa Ciweru m'mawa anayesanso. Ulendo uno anasamala kwambiri. Anasongola pensulo bwinobwino. Anajambula timaluwa tating'ono makumi awiri, timizere take toonda ngati tsitsi. Kunena zoona, cinali cithunzi caudongo. Aphunzitsi akanacicongera bwino.

Anathamanga naco kwa ambuya, nagwada. "Ambuya, onani zimene ndakujambulirani!"

Ambuya analandira ndi manja awiri. Anabweretsa pepala pafupi ndi maso. Analipititsa patali, nalibwezanso pafupi. "Zikomo, mwana wanga. Cakongola," anatero.

Koma mtsikanayo anaona kuti ambuya agwira pepala cozondoka. Maluwa anali kuyang'ana pansi. Ambuya sanaone kanthu. Anangoyamikira kuti mdzukulu wao asakhumudwe. Mtsikanayo anapita kuseri kwa nyumba, nakhala pa njerwa, nalira mwakacetecete. Pepala linatsala limodzi, ndipo masiku anatsala awiri.

Madzulo amalume anabwera kudzatsazikana ndi ambuya. Anampeza kuseri kuja, maso ali psuu.

"Iwe, walira ciani?"

Iye anawaonetsa mapepala awiri aja, nafotokoza zonse. Amalume sanaseke. Anamgwira dzanja, napita naye kutsogolo kwa mpanda.

"Tsinzina pang'ono. Osatseka maso onse iyai, usiye kampata. Manje uona ciani?"

"Ndiona cinthu cacikulu cofiira, monga mtambo. Pansi pake pali pobiriwira."

"Nanga timaluwa makumi awiri tija?"

"Sindikutiona."

"Ndi mmene ambuya ako aonera mpanda uwu. Timizere ta pensulo sangatione. Aona mtundu. Ndiye uwajambulire mtundu."

Kenako amalume anathyola kanthambi kamodzi, mosamala cifukwa ca minga. Anamuonetsa cinthu cimene anthu ambiri sacidziwa. Zofiira zija zimene timati maluwa, kwenikweni ndi masamba. Ndi masamba opyapyala ngati pepala, ndipo amakhala atatuatatu. Duwa lenileni ndi kakang'ono, koyera, kobisala pakati pao. Mukapeza boganiviliya, muyang'ane bwino, mudzakaona. Mbewu imeneyi kwao ndi ku South America. Inacita kubwera ndi anthu, koma lero yadzaza m'mipanda ya m'Zambia monga ndi ya konkuno.

Amalume anaitanitsa makapu awiri a madzi. Kapu imodzi ndi yotsukira bulashi. Ina ndi ya madzi oyera, osakhudzidwa ndi penti. Anatenga pepala lobooka lija, nalitembenuza. "Ili silinathe nchito. Tiphunzirirepo."

Coyamba ananyowetsa pepala ndi madzi oyera. Pepala linanyezimira. Kenako anaviika bulashi mu penti wofiira, nakhudza pepala kamodzi kokha. Penti anathamanga yekha! Anafalikira uku ndi uku, pakati pofiira kwambiri, m'mbali mofiira pang'ono.

"Mayo! Ayenda yekha!" anakuwa mtsikanayo.

"Ee, madzi ndi amene amunyamula. Iwe ungoika penti, madzi agwire nchito yao. Yesa."

Iye anagwira bulashi pafupi ndi nsonga, molimba, monga agwirira pensulo polemba mayeso. Amalume anamsunthira zala kumbuyo. "Gwira patali. Dzanja lifewe. Usapale pepala monga utsuka poto."

Anayesa kangapo. Poyamba anaika madzi ambiri, ndipo pa pepala panacita cithaphwi. Kenako anaika ocepa, penti anakana kuyenda. Ulendo wacinai zinatheka. Panaoneka cinthu cofiira, cofewa m'mbali, cofanana ndi duwa logwedezeka ndi mphepo.

Penti wobiriwira m'kabokosi munalibe, cifukwa amalume anam'maliza kale. Koma anati zimenezo si vuto. Anasakaniza wa buluu ndi wacikasu pa mbale yakale, ndipo panatuluka wobiriwira. Ataonjeza wacikasu anafanana ndi masamba anthete. Ataonjeza wa buluu anafanana ndi masamba okhwima. Wofiira ndi wacikasu amapanga mtundu wa lalanje.

"Nanga woyera uli kuti, wa kaduwa ka pakati kaja?"

"Woyera ndi pepala lenilenilo. Pamene ufuna poyera, usaikepo penti. Ndiponso uyambe ndi mitundu yowala. Yakuda ibwere pomaliza. Wakuda ukauika, sungathe kuuphimba ndi wowala."

Ali kutsuka bulashi, amalume anakamba za munthu wina wa ku England, dzina lake Thomas Baines. Iye anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1862. Apa n'kuti patapita zaka zisanu ndi ziwiri David Livingstone ataona mathithiwo mu 1855. Baines anajambula mathithi, mitengo ndi mtsinje wa Zambezi. Zithunzi zake zambiri za paulendo anali kuzijambula ndi penti wa madzi, cifukwa kabokosi kake ndi kopepuka ndipo penti amauma msanga. Mu 1865 zithunzi zake za mathithi zinatuluka m'buku ku London. Anthu amene sanafikepo pa Zambezi anaona mathithi athu m'buku limenelo.

"Ndiye pepala lingathe kunyamula mathithi onse aja?" anafunsa mtsikanayo.

"Linanyamula mpaka ku London. Nanga mpanda wako ungalephere kufika ku Katete?"

Pa Sondo amalume kunalibe. Mtsikanayo anadzuka m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Amalume anali atamcenjeza kuti masana a Okutobala amaumitsa pepala munthu asanaike n'komwe penti. Anakhala pamthunzi. Anaika pepala lomaliza pa thabwa. Mtima unali kugunda, thi, thi, thi. Pensulo anaisiya m'nyumba dala.

Ananyowetsa mbali ya kumwamba. Anaika wofiira apa, apo ndi apo. M'malo ena anadonthezamo wa buluu pang'ono, ndipo pofiirapo panadera. Anakumbuka kusiya timipata toyera. Pansi anaika wobiriwira. Pamene wobiriwira anakumana ndi wofiira, mitundu inalowana. Iye anaileka.

Ndiye panacitika ngozi. Dontho lalikulu la madzi linagwa kucoka ku bulashi, thoo, pakati penipeni pa maluwa. Madzi anakankha penti. Thabwa linali lopendekeka, motero kamzere kofiira kanayamba kutsetsereka kupita pansi.

Dzanja lake linathamangira ku nsalu kuti apukute. Koma anakumbuka pepala loyamba, mmene linabookera. Pepala lonyowa ndiye silicedwa n'komwe kung'ambika. Anabweza dzanja, nalikhalira. Anangoyang'ana kamzere kaja mpaka kanaima kokha. Kenako anakweza maso kuona mpanda. Pa mpandapo panali nthambi imodzi yaitali yolendewera pansi, maluwa ali kunsonga. Anatenga wofiira, naika madontho atatu kumapeto kwa kamzere kaja.

Kudikira kuti pepala liume kunali kovuta kuposa kujambula. Anatsuka mbale. Anasesa pabwalo. Anabwera kudzaona kasanu konse. Litauma, anaona kuti mitundu yawala pang'ono, cifukwa penti wa madzi amatero akauma. Anatenga bulashi yonyowa pang'ono cabe, najambula nthambi zakuda zinai ndi timinga tingapo. Anafuna kuonjeza zina, koma analeka.

Mlongo wake wa giredi 6 anadutsa, nasuzumira. "Awa ndi maluwa? Ine ndiona madontho cabe. Wataya penti wa amalume."

Mnyamatayo sananame kwenikweni. Ukaika mphuno pafupi ndi pepala, unali kuona madontho ndi madzi oyenderera. Panalibe duwa ngakhale limodzi loti n'kuliwerenga masamba. Mtsikanayo anacita mantha. Koma pepala lina panalibe.

Ambuya anali pa mphasa yao. Iye anagwada, napereka cithunzi osakamba kanthu. Ambuya anacilandira. Anaciyang'ana, nacitembenuza okha kuti kumwamba kukhale kumwamba. Anakhala cete. Kenako anaseka, mano awiri otsala aja ali poyera.

"Mpanda wanga uwu! Ndi nthambi ija imandikola duku, iyi apa!" Anaika cala pa kamzere ka ngozi kaja.

Mlongo wake uja anabwerera kumbuyo mapazi asanu, nayang'ananso. Sanakambe kanthu. Anangokanda m'mutu, napita kukasewera mpira.

Usiku amai anadula katoni ya sopo. Anaika cithunzi pakati pa zidutswa ziwiri, nakulunga ndi pulasitiki. "Penti uyu aopa madzi," anauza ambuya. "Akanyowa adzayendanso." Pa Mande m'mawa ambuya anakana kuti cithunzi cilowe m'cikwama cacikulu ca pansi pa basi. Anacifungata pamiyendo.

Patapita milungu itatu mvula inagwa. Madzulo ena foni ya amai inalira. Anali ambuya, kuimba ndi foni ya aneba ao ku Katete.

"Mpatseni mdzukulu wanga," anatero. "Iwe, denga langa lidontha pa cipupa ca kum'mawa. Ndiye maluwa ako ndawasamutsa. Manje ali pafupi ndi citseko, pamene pafika kuwala. Anzanga afunsa kuti, kodi wofiirira wa jakaranda ungamuthe?"

Mtsikanayo anatsegula kabokosi kake. Wofiira anatsala pang'ono, wa buluu analipo wambiri. Anapita kukapempha amai kalendala yakale, kuti ajambule kumbuyo kwake.