Onyamula Madzi

Loweruka pa 12 Okutobala 2024, tili pa maphunziro ku Italy, tidalawirira m'bandakucha kupita kuphiri lina loyang'anana ndi nyanja ya Como kuti tikaonerere mpikisano wa njinga wotchedwa Il Lombardia. Mpikisanowu udayamba m'chaka cha 1905, ndipo umachitika masamba a mitengo akuyoyoka, chisanu chili pakhomo. Tsiku limenelo opalasa adanyamukira mumzinda wa Bergamo kukathera ku Como, mtunda wa makilomita oposa 250, ulendo umene kwathu munthu amakwerera basi, kamba ali m'manja.

Pamwamba pa phirilo, m'mudzi wa Magreglio, pali katchalitchi kotchedwa Madonna del Ghisallo. M'chaka cha 1949 Papa Pius XII adalengeza kuti Amayi Maria olemekezedwa pamalopo ndiwo nkhoswe ya opalasa njinga onse. Titalowamo tidaona njinga zitapachikidwa m'makoma: ya Fausto Coppi, ya Gino Bartali, ya Eddy Merckx, ndiponso ina yopindika ya Fabio Casartelli, mnyamata amene adagwa nafa pa mpikisano wa Tour de France mu 1995. Tidatuluka tili duu, nkukadzipezera malo m'mbali mwa msewu pafupi ndi nkhalamba ina ya chipewa chakutha, imene idatigawirako buledi ndi tchizi ngati kuti tidadziwana kale.

Kuonerera njinga ndi ntchito ya odekha mtima. Tidadikira maola atatu, anthu akuchulukirachulukira, ena akulemba maina a akatswiri awo pamsewu, ana akuthamanga ndi mbendera. Kenaka zidatulukira njinga zamoto za apolisi, helikopita ikulira pamwamba, ndipo mabelu a katchalitchi kaja adayamba kulira. Kagulu ka otsogola kadadutsa. Patapita kanthawi lidafika gulu lalikulu, matcheni ndi matayala zikumveka ngati mvula yoyamba pa denga la malata. Tisanawerenge nkomwe mitundu ya malaya awo, onse adali atapita. Maola atatu aja adagula mphindi imodzi yokha!

Komabe m'mphindi imeneyo maso athu adagwira kanthu. Munthu amene dziko lonse lidabwerera, Tadej Pogačar wa ku Slovenia, amene adavala malaya oyera a mizere ya utawaleza monga katswiri wa dziko lonse wa chaka chimenecho, sadali patsogolo ayi. Adali kumbuyo kwa anzake a m'gulu lake, nkhope ili phee, pamene iwo thukuta lili kamukamu, pakamwa pali yasa. Tidafunsa nkhalamba ija kuti, "Agogo, kodi mfumu imabisala bwanji kumbuyo kwa anyamata ake?"

Iwo adaseka, natifotokozera. Gulu lililonse limalowa mumpikisano wotere ndi anthu 7, koma wofuna kupambana amakhala mmodzi. Mdani wamkulu wa wopalasa njinga ndi mphepo, ndipo amene wabisala kumbuyo kwa mnzake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Tsono asanu ndi mmodzi enawo ntchito yawo ndiyo kung'amba mphepo mosinthana, kubwerera kugalimoto kukatenga mabotolo a madzi ndi chakudya, kuwalonga m'malaya mpaka msana kutukumuka, nkupalasanso mwamphamvu kuti akagawire anzawo. Tayala la mtsogoleri likaphulika, mmodzi amatsika napereka lake, ngakhale njinga yake imene, iye nkutsala chilili pamsewu. Munthu wotere Ataliyana amamutcha gregario. Ife tidangomutcha wonyamula madzi.

Gulu lalikulu litadutsa, anthu ambiri adathamangira kumene kunali wailesi yakanema kuti akaone mathero. Agogo aja sadasunthe, ndipo ifenso tidachita manyazi kuwasiya. Posakhalitsa adayamba kutulukira otsalira, mmodzimmodzi, awiriawiri, mitu ili pansi, njinga zikupepesuka. Ena mwa iwo ndiwo adang'amba mphepo kuyambira m'mawa, ndipo mphamvu zawo zonse adali atazisiya m'mapiri a m'mbuyo. Nkhalambayo idavula chipewa, niwomba m'manja koposa mmene idawombera katswiri uja, ikuitana ena ndi maina awo. Itatembenuka idati, "Mwana wanga, wopambana ali ndi dziko lonse lomuwombera m'manja. Awa ali ndi ine."

Madzulo tidamva kuti Pogačar adawasiya onse pachitunda cha Colma di Sormano, kutatsala makilomita 48, nafika ku Como yekha, patsogolo pa Remco Evenepoel wa ku Belgium ndi mphindi zoposa zitatu. Kumeneko kudali kupambana kwake kwachinayi motsatizana, ndipo mu 2025 adapambananso kachisanu, kufanana ndi Coppi uja. Luso lake palibe angalikane. Koma m'sitima pobwerera, maganizo athu sadali pa iye.

Tidakumbuka achemwali athu aakulu. Chaka chimene tidasankhidwa kupita ku seminale yaing'ono, bambo adali atamwalira, ndipo ndalama za m'nyumba sizikadakwanira ana awiri. Achemwali, amene m'kalasi adali anzeru kutiposa, adalekezera Fomu 2. Zaka zinayi adakazinga mandasi ndi zitumbuwa usiku, nkumakagulitsa pamsika m'mawa, ndipo teremu iliyonse adatimangira fizi pakansalu pamodzi ndi sopo ndi thumba la chiponde. Tsiku limene tidadzozedwa unsembe, nthungululu zonse zidali zathu, mphatso zathu, zithunzi zathu. Titafufuza m'zithunzi zonsezo, achemwali sakuonekamo ngakhale m'chimodzi, pakuti adali kuseri kwa nyumba akuvundula nsima ya alendo. Ndipo tivomere poyera ndi manyazi: m'mawu athu othokoza tidatchula aepiskopi, aphunzitsi ndi ochita zabwino a kutali, koma dzina lawo tidaliiwala. Iwo sadadandaule, ndipo kusadandaula kwawoko ndiko kumatipweteka mpaka lero.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo tonse timavomera mwambiwu. Vuto nlakuti denga likakwera, timaona denga lokha, mitu ija nkuiwalika. Inu makolo ndi ana amene mukuwerenga tsamba lino, taunguzani m'nyumba mwanu. Alipo amene adang'amba mphepo kuti wina aphunzire: malume amene adagulitsa ng'ombe, agogo amene adalera ana amasiye, bambo amene amakwera zitunda ndi matumba a makala panjinga yopanda magiya. Sapempha malipiro, koma ali ndi maina, ndipo maina amenewo ayenera kutchulidwa eni ake akadali ndi makutu omvera, tisadikire tsiku la pamanda. Ndipo inu amene mukunyamula madzi lero, musadziyese otsalira chifukwa mwafika mochedwa. Mwachedwa chifukwa mudapereka tayala lanu.

Usiku womwewo tidawaimbira foni achemwali. Adadabwa, nafunsa ngati kwagwa zovuta. Tidati ayi, tangofuna kunena zikomo chifukwa cha mandasi aja. Kudakhala chete kanthawi, kenaka adaseka nati, "Abambo, mwayamba liti kukumbuka zakale? Nanga kumeneko mukudya mokwanira?"