Kalata yopita kwa seva

Lero tikambe za kapulogalamu kotchedwa curl, komwe ndimaumirira kuti wophunzira aliyense wa Computer Studies akaone asanamalize Fomu 4.

Ana athu kudina batani amadziwa. Akadzaza fomu pa intaneti n'kudina, amangoti zapita. Koma mukawafunsa kuti chapita n'chiyani, ndipo chafika kwa ndani, kalasi yonse zii. Ubwino wa curl ndi woti ilibe mabatani obisa zinthu. Umalemba wekha lamulo pa terminal, yankho n'kubwera pomwepo. Anaiyambitsa ndi Daniel Stenberg wa ku Sweden, ndipo dzina loti curl linayamba mu 1998. Ndi yaulere, imapezeka pa Linux ndi macOS, ndipo kuyambira 2018 Windows 10 imabwera nayo kale.

Ine ndimawauza ana kuti zili ngati kalata. Pali adiresi, pali mawu a pa envulopu, ndiye pali uthenga wam'kati. Uthengawo kawirikawiri umalembedwa mu JSON, kalembedwe komwe chinthu chilichonse chimakhala ndi dzina lake. Lembani izi mu fayilo, muitchule kuti mwana.json:

{"dzina": "Wophunzira A", "fomu": 4, "malikisi": 67}

Kenako lembani lamulo ili:

curl -i -H "Content-Type: application/json" -d @mwana.json https://httpbin.org/post

Chilembo cha -d chikuuza curl kuti pali uthenga wotumiza, choncho imagwiritsa ntchito njira ya POST yokha. Chizindikiro cha @ chikutanthauza kuti uthengawo uutenge mu fayilo. -H ndiye mawu a pa envulopu aja, ouza seva kuti m'katimu muli JSON. Mukawasiya, curl imalemba kuti ndi fomu wamba, ndipo maseva ena amakana kalatayo. -i amaonetsa nambala ya yankho: 200 kapena 201 ndiye kuti zatheka, 400 pempho lanu lili ndi vuto, 401 seva sikukudziwani, 415 mtundu wa uthengawo siwolandirika. Tsamba la httpbin limangokubwezerani zomwe mwatumiza, n'chifukwa chake ndi labwino pophunzirira.

Kuyambira curl 7.82.0, yomwe inatuluka mu 2022, mutha kungolemba --json @mwana.json, envulopu imadzilemba yokha. Koma dziwani kuti curl siyang'ana ngati JSON yanu ili bwino. Mukaiwala koma mmodzi, imanyamula choncho ngati wapositi, kukana kumachokera kwa seva. Inu a Windows, mu PowerShell yakale lembani curl.exe, chifukwa mawu oti curl okha kumeneko amaitana pulogalamu ina.

Mwina wina afunsa kuti nanga izi zikukhudza bwanji mayeso. Kwa ine nkhani yagona apa: mwana amene waona ndi maso ake dzina ndi malikisi zikuchoka pa kompyuta kupita kwina amayamba kusamala. Amazindikira kuti ma app ambiri a pa foni yake amatumiza makalata otere tsiku lonse, ndipo amayamba kufunsa zomwe zalembedwamo.

Chenjezo langa lili pawiri. Poyeserera musatumize mayina enieni a ana kapena malikisi awo ku seva yomwe si yanu; pekani mayina. Chachiwiri, pasiwedi kapena token yolembedwa mu lamulo imatsala mu history ya terminal. Pa makompyuta a mu labu, omwe amagwiritsa ntchito ana ambirimbiri, wobwera pambuyo panu angodina muvi woloza m'mwamba n'kuiona.

Yesani sabata ino. Sizidya bandulo yambiri, ndi mizere yochepa chabe ya mawu. Inu amene tsopano muli pa ntchito za makompyuta, tiuzeniko komwe mumaigwiritsa ntchito, kuti azing'ono anu kuno amve kuchokera kwa inu.