Za Dziko la Lundu ndi Galimoto Imene Tidaisankha

Tikhala kuno kuchigwa, m'dziko la Mfumu Yaikulu Lundu, kumene dzuwa la mwezi wa October liwotcha nthaka kufikira ing'aluka, ndi kumene madzi a mwezi wa January sapempha njira kwa munthu. Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tidayenda ife a banja limodzi pokafuna galimoto, pakuti tiganiza kuti mabanja enanso ali ndi nkhani yomweyi m'mitima mwawo. Ndipo akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chiyambi chake chinali chisoni. M'chaka cha 2023, mwezi wa March, namondwe wotchedwa Freddy atangopita kumene, mayi athu okalamba adadwala usiku, chifuwa chili pheee, mpweya wosatuluka. Njinga zamoto sizidathe kufika kwathu chifukwa cha matope. Tidawagoneka pa ngolo ya ng'ombe, ife tili pambuyo kunena Korona, ndipo tidafika ku chipatala cha Montfort ku Nchalo kunja kukuyera. Mulungu adatichitira chifundo, mayi adachira. Koma usiku umenewo sudachoke m'maso mwathu, ndipo atatuluka m'chipatala tidasonkhana pansi pa mtengo wa bwemba, ana awo anayi pamodzi ndi atsibweni, tidapangana kuti banja lipeze galimoto yakeyake.

Mphunzitsi wa katekisimu alibe chuma chogulira galimoto; izi muzidziwa nonse. Koma mutu umodzi susenza denga. Achimwene athu aakulu, amene agwira ntchito ku Johannesburg, adalonjeza gawo lawo. Alongo athu adapereka za nyemba za kudimba. Ife ndi mng'ono wathu tidaika za thonje la zaka ziwiri ndi ng'ombe 9 za m'khola la malemu bambo athu. Atsibweni adaika malamulo atatu: pasakhale ngongole, pasakhale katapila, ndipo dimba lisagulitsidwe. Adatinso ndalama zonse zigawidwe pakhumi: magawo 7 ogulira galimoto, gawo limodzi la mapepala, inshuwalansi ndi matayala, magawo awiri osungira mafuta ndi matenda a galimotoyo. Adati, “Ana inu, kugula ng'ombe ndi tsiku limodzi, koma kuiweta ndi masiku onse.” Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama za thonje zimene tidasunga zidafota ngati masamba a dzungu padzuwa. Ng'ombe zokha ndizo sizidafote. Chifukwa chake sitidazigulitse kufikira sabata lomwelo la ulendo, mu August 2024.

Tsono kuti mumvetse kusankha kwathu, muyambe mwadziwa dziko lathu. Lundu ndi dzina lakalekale. M'zaka za m'ma 1600 Apwitikizi a ku Zambezi adalilemba kale m'makalata awo monga dzina la mfumu yamphamvu ya Amang'anja, ndipo kufikira lero likulu lake lili ku Mbewe, m'boma la Chikwawa, kufupi ndi nkhalango ya Lengwe. Kumwera, ku Nsanje, kuli msitu wa Khulubvi kumene makolo ankapembedza Mbona popempha mvula. Mbiri yake adaifufuza ndi kuilemba bwino Bambo Matthew Schoffeleers a chipani cha Montfort, amene adatumikira m'chigwa chino. Dayosizi yathu ya Chikwawa idakhazikitsidwa m'chaka cha 1965. Dziko lenileni ndi lathyathyathya ngati mphasa, lodzala milambe ndi migwalangwa, thonje, mapira ndi mchewere, ndiponso minda ya nzimbe ya ku Nchalo yosaoneka malire. Msewu wa tala ndi wa M1, wochokera ku Blantyre, wotsika mapiri kudza pa Thabwa, wowoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, ndi kupitirira ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje. Munthu akangopatuka pamenepo alowa m'fumbi nthawi ya chilimwe, ndi m'makande nthawi ya dzinja: dothi lakuda lija logwira phazi ngati ulimbo. Mitsinje ya Mwanza ndi Mkombedzi ikhala mchenga wokhawokha miyezi yambiri, koma mvula ikagwa kumapiri idzaza mwadzidzidzi, ngakhale kuno kusanagwe dontho. Madzi osefukira a 2015, a 2019, a 2022 ndi a 2023 adatiphunzitsa zimenezi ndi misozi.

Si ife oyamba kuvutika ndi choyendera m'chigwa chino. M'chaka cha 1859 David Livingstone adakwera Shire ndi sitima yotchedwa Ma Robert mpaka pa mathithi a Kapichira. Sitimayo inali yadyera pa nkhuni, kotero kuti anthu ake ankataya masiku ambiri akudula mitengo kuti iyende pang'ono, ndipo mu December 1860 idamira mu Zambezi. Yotsatira yake, Pioneer, imene idabwera ndi Bishopu Mackenzie mu 1861, inali yolimba ndithu, koma yozama mopitirira madzi a Shire, ndipo kawirikawiri inkatsakamira pamchenga. Yoyamba idalephera chifukwa cha mimba yake, yachiwiri chifukwa sidayenerane ndi njira yake. Mafunso awiri amenewa ndiwo tidanyamula pa ulendo wathu: kodi idya zotani, nanga iyenerana ndi njira ya kwathu?

Tidatenga mkulu wina wa mumphakati mwathu, amene adakalambira pa mathirakitala a m'minda ya nzimbe, kuti akhale maso athu. Iyeyu ndiye adatifotokozera chifukwa chofunira dizilo. Injini imeneyi, imene Rudolf Diesel wa ku Germany adaiyendetsa bwino m'chaka cha 1897, ilibe mapulagi otulutsa moto monga ya petulo; ipanikiza mpweya kufikira utentha kwambiri, ndipo mafuta akapoperedwamo ayaka okha. Chifukwa chake ikoka mwamphamvu ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono, ndicho chifunika m'matope ndi pokwera phiri ndi katundu. Ndiponso pa lita imodzi iyenda mtunda wotalikirapo. Koma adatichenjezanso za zoipa zake. Mapampu ndi timipopi take ta mafuta tidana ndi madzi ndi litsiro, ndipo kukonza kwake ndi kodula. Tsono mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu ndiwo poizoni wake. Ikamwa madzi powoloka mtsinje, zitsulo za m'kati zipindika nthawi yomweyo, pakuti madzi sapanikizika ngati mpweya.

Tidanyamuka m'mamawa pa minibasi, titamva Misa dzulo lake. Kuchoka ku Chikwawa kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma ndi maiko awiri. Kuchigwa tikhala mamita osafika 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pa mamita oposa 1,000. Msewu ukhotakhota ngati njoka yokwera mtengo. Ukacheuka uona Shire ali ngwee pakati pa nzimbe, ndipo ukafika pamwamba uyamba kufuna jekete. Mkulu uja adatiloza malori akukwera mwapang'onopang'ono, nati, “Aphunzitsi, galimoto ya kuchigwa mayeso ake ndi phiri ili. Ikatentha apa, musaigule ngakhale akupatseni ndi mbuzi pamwamba.”

Tidayamba ku nyumba zogulitsa galimoto zatsopano, zosayendapo. Tidaona Toyota Hilux ndi Isuzu D-Max zili mbee kuseri kwa magalasi, ndipo atatiuza mtengo tidathokoza mwaulemu ndi kutuluka. Ndalama zathu zonse, magawo khumi aja, sizidayandikire ndi pang'ono pomwe. Sitidachite manyazi. Ambuye athu adaphunzitsa kuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi ndi kuwerenga chuma chake. Tidazindikira kuti kwa ife chatsopano chidzakhala chatsopano pakhomo pathu pokha.

Tidalingaliranso zoitanitsa kunja, monga achitira ambiri: galimoto ichokera ku Japan, itsikira pa doko la Dar es Salaam, ilowa m'dziko muno pa Songwe. Mtengo wolembedwa pa foni uoneka wochepa, koma pamwamba pake pali ndalama za sitima, za woyendetsa, ndi msonkho wa MRA. Ndipo zonse zitsata dola, imene kwacha yathu siipirira. Choposa zonse, munthu ulipira chinthu chimene sudachimve kulira kwake. Tidaisiya njira imeneyo.

Ku Limbe, pa bwalo lina la galimoto zoyendapo kale, ndi pamene padagwa mayesero. Panali galimoto yofiirira, yonyezimira, ya mipando 7 yachikopa, ya dizilo ndithu, yosintha magiya yokha, ndipo mtengo wake unalowa m'magawo athu 7. Wogulitsa adati, “Bwana, iyi mukafika nayo kutchalitchi, anthu adzayesa kwabwera Ambuye Bishopu.” Mng'ono wathu mtima udapita. Nafenso, tiulule poyera, tidadziona tikutsika m'menemo pa Pasaka anthu akutiyang'ana. Koma mkulu uja adagwada, nalowetsa mkono kunsi kwake, ndipo mpata wa pakati pa mimba yake ndi nthaka sudakwane chikhato ndi theka. Adatisonyezanso kasefa ka mwaye ka m'paipi ya utsi, kamene galimoto zambiri zopangira maiko a ku Ulaya zili nako: kafuna maulendo aatali othamanga kuti kadziyeretse, ndipo pa maulendo aafupi a m'midzi katsekeka. Adafunsa wogulitsa ngati zipangizo zake zipezeka ku Nchalo kapena ku Ngabu. Iye adayankha kuti ziitanitsidwa ku Joni. Pamenepo atsibweni adati, “Mphwanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kodi tidagulitsa ng'ombe za bambo ako kuti anthu atione, kapena kuti mayi ako afike kuchipatala?” Mng'ono wathu adakhala chete, ndipo adayenda kumbuyo kwathu masana onse osalankhula.

Zidatsala ziwiri, zonse mapikapu a zitseko zinayi, a magiya apamanja. Ina inali yocheperapo zaka, ya penti wabwino, koma yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Inzake inali Hilux yakale ndithu, yoyera, yokandika m'mbali, koma yokoka ndi matayala onse anayi. Tidakumbukira makande, tidasankha yakaleyo. Mkulu uja adakana kuiyesa madzulo. Adati injini yotentha ibisa matenda. Tidagona kwa abale ku Bangwe, ndipo m'mawa tidafika mwini asanailize. Idalira msanga. Adayang'ana utsi, natiphunzitsa kuti wobiriwira usonyeza kuti ikudya oyilo, woyera wosaleka usonyeza madzi kapena mafuta osapsa, wakuda usonyeza timipopi totopa kapena sefa ya mpweya yotsekeka. Adasuzumira m'radiyeta, adagogoda chitsulo cha kunsi kufuna dzimbiri, ndipo tidafananiza nambala ya pa chitsulocho ndi ya m'mapepala, pakuti wogula chakuba alira kawiri. Pambuyo pake tidaitsitsa mpaka pa Thabwa ndi kuikwezanso, tonse tili m'kati. Muvi wa kutentha sudasunthe.

Mtengo wake udapitirira magawo 7 aja pang'ono. Mwini adati titapeko pa zosunga zathu. Atsibweni adavala chipewa, tidatsazika. Tili pa depoti, mitima ili pansi, foni idalira: adavomera mtengo wathu, pokhapo kuti matayala awiri otha tigule tokha. Tidatero ndi gawo lachisanu ndi chitatu, pamodzi ndi kusintha dzina ku ofesi ya Road Traffic ndi inshuwalansi. Magawo awiri otsala adabwerera kwathu osakhudzidwa.

Potsika phiri tidaika giya yaing'ono kuti injini igwire galimoto, pakuti mabuleki opondedwa kosalekeza atentha ndi kuleka kugwira, ndipo ambiri atsikira kuphompho motero. Woyendetsa anali mng'ono wathu yemwe uja, ndipo pofika pa mlatho wa Kamuzu n'kuti akuimba. Lamulungu lotsatira Bambo Mfumu adaiwaza madzi odalitsa, ndi kutiika m'manja mwa Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo. Mayi adaizungulira ndi ndodo yawo, nati, “Ana anga, iyi ikhale ya mudzi, isakhale ya nyumba.” Chifukwa chake tidalemba malamulo m'kope: wodwala ndi mayi wapakati atsogola, kaya ndi wa Eklezia kaya ndi wa mpingo wina, wonyamula thonje kapena chimanga athira mafuta ake, womwa mowa sagwira chiwongolero, ndipo mtsinje ukadzaza palibe kuwoloka, ngakhale wina alire motani.

Sitinena kuti mavuto adatha. Kumapeto kwa 2024 mafuta adasowa m'dziko, ndipo tidagona pa mzere masiku awiri. Kuyambira pamenepo sitilola thanki kutsika pansi pa theka, kuti usiku wa matenda usatipeze opanda kanthu. Sefa ya mpweya tiikuntha sabata ndi sabata chifukwa cha fumbi, ndipo pa magawo awiri aja limodzi lidapita kale ku ma shokobu ndi batire. Koma yanyamula amayi atatu okachira, yaperekeza Bambo kukadzoza odwala kutsidya kwa dambo, ndipo kawiri yatenga bokosi la maliro kuti mnzathu akagone kwawo mwaulemu.

Tsono, abale, amene muli ndi maganizo onga athu: yambani mwayenda pansi njira ya kwanu ndi kuiyang'ana bwino m'mwezi woipitsitsa wa chaka, lembani malire a ndalama musanaone galimoto ndi imodzi yomwe, tengani munthu wodziwa amene sapindulapo kanthu, ndipo mutenge ndi mkulu mmodzi wosaopa kukudzudzulani pamaso pa wogulitsa. Mutikumbukire m'mapemphero anu ife a kuchigwa pamene mitambo iyamba kuda kumapiri, nafenso tidzakukumbukirani pa Misa. Yezu, Maria ndi Yosefe asunge mabanja anu onse.